Khomo analisintha, koma njira yofikira pa mpando wa jaji ku Britain ikadali yomwe ija

Moyang'anizana ndi nyumba ya malamulo ku London, pabwalo la Parliament Square, pali nyumba yakale ya miyala imene inkatchedwa Middlesex Guildhall. Kuyambira mu Okutobala 2009, m'nyumba imeneyi ndi momwe mumakhala khoti lalikulu koposa onse m'dziko la Britain, khoti la Supreme. Kulowamo n'kwaulere. Alonda akakusecha pakhomo, umakwera masitepe n'kukakhala pamipando ya anthu wamba, kumvera mlandu umene ukuzengedwa tsikulo. Munthu wozolowera makhoti akwathu amadabwa. Majaji savala mawigi, savala mikanjo yofiira, sakhala pamwamba ngati paguwa. Amazungulira tebulo lopindika ngati uta, mulingo umodzi ndi maloya, atavala masuti wamba, mapepala ndi makompyuta ali patsogolo.

Koma ukasiya kuyang'ana zovala n'kuyamba kuyang'ana nkhope, zachilendozo zimathera pomwepo. Mipando ya khotili ilipo 12. Kuchokera tsiku limene linatsegulidwa mpaka kumapeto kwa 2024, amayi amene anakhalapo pamipandoyi ndi asanu okha, Lady Hale, Lady Black, Lady Arden, Lady Rose ndi Lady Simler, ndipo sanaposepo atatu pa nthawi imodzi. Munthu wakuda, kapena wa m'mabanja ochokera ku India, Pakistan ndi maiko ena a ku Asia, m'zaka zonsezo palibe ndi mmodzi yemwe. Chonsecho kalembera wa 2021 anapeza kuti ku England ndi Wales anthu oposa 18 pa 100 alionse si azungu.

A ku Britain akhala akuikambirana nkhaniyi kwa zaka zambiri. Makomiti akhala pansi, malipoti alembedwa, malamulo asinthidwa kawiri. Ine ndikaiona, vuto lalikulu silili pakhomo pamene amasankhirapo. Lili m'njira yaitali imene munthu amayenera kuyenda asanafike pakhomopo, komanso mwa amene amagwira muyeso woyezera kuti uyu ndiye katswiri.

Kale kunalibe kufunsira

Mpaka 2006, amene ankasankha majaji ku England ndi Wales anali Lord Chancellor. Munthu mmodzi ameneyu anali nduna ya boma, mkulu wa majaji onse, komanso wapampando wa House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo. Mpando ukapezeka ku High Court, akuluakulu a mu ofesi yake ankayendera majaji amene analipo kale n'kumawafunsa mwakachetechete kuti mwa maloya amene amaonekera pamaso panu, wokhwima ndi uti. Zimene ayankha zinkalembedwa m'mafayilo amene mwini dzina sankawaona. Kenako tsiku lina loya ankangoitanidwa kuti a Lord Chancellor akufuna kukuonani. A ku England amati kumeneko kunali kugwidwa paphewa. Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ntchito ya ujaji wa High Court sinkalengezedwa n'komwe kuti ofuna afunsire.

Sitinganene kuti njira imeneyi inkatulutsa majaji aulesi kapena aziphuphu. Ambiri anali akatswiri enieni, ndipo zigamulo zawo maloya akwathu amaziwerengabe. Koma munthu ukamufunsa kuti wanzeru ndani, amatchula amene amamudziwa, amene amayankhula ngati iye, amene anaphunzira naye, amene amadya naye chakudya chamadzulo. Mopanda chiwembu chilichonse, majaji ankangobereka anzawo ofanana nawo.

Mbiri ya amayi ikuonetsa mmene zinkachedwera. Lamulo lowalola kukhala maloya linadutsa mu 1919, ndipo oyamba analandiridwa mu 1922. Panatenga zaka zoposa 40 kuti mayi woyamba, Elizabeth Lane, akhale jaji wa High Court mu 1965. Elizabeth Butler-Sloss analowa m'khoti la apilo mu 1988, ndipo poti lamulo linkangodziwa dzina lachimuna, kwa zaka zingapo ankatchulidwa kuti Lord Justice ngati bambo. Brenda Hale, Lady Hale uja, anafika pamwamba penipeni mu Januwale 2004, pakati pa majaji a House of Lords amene panthawiyo ndiwo anali khoti lalikulu koposa, n'kukhala mayi yekhayo pakati pa abambo kwa zaka 13. Chaka chomwecho cha 2004, Linda Dobbs, wobadwira ku Freetown m'dziko la Sierra Leone, anakhala munthu woyamba wosakhala mzungu pa mpando wa High Court. Rabinder Singh, wa m'banja lochokera ku India, anafika m'khoti la apilo mu 2017.

Khomo latsopano

Lamulo la Constitutional Reform Act la 2005 linagwetsa dongosolo lakale lija. Linamulanda Lord Chancellor udindo wa mkulu wa majaji, linakhazikitsa khoti la Supreme, ndipo linapanga bungwe loima palokha losankha majaji, la Judicial Appointments Commission, limene linayamba ntchito mu Epulo 2006. Lili ndi makomishonala 15, ena majaji, ena maloya, ena anthu wamba, ndipo wapampando wake sayenera kukhala loya. Tsopano ntchito imalengezedwa. Munthu amalemba fomu, amapereka zitsanzo za ntchito imene wagwira, amatchula anthu omuchitira umboni, amayesedwa, n'kukaonekera pamaso pa gulu lofunsa mafunso. Scotland ndi Northern Ireland ali ndi mabungwe awoawo. Mpando ukapezeka ku khoti la Supreme, pamapangidwa komiti yapadera yokhala ndi nthumwi za mabungwe onse atatu.

M'lamulo lomweli muli ziganizo ziwiri zimene zakhala zikukokana kuyambira pamenepo. China chimati munthu azisankhidwa potengera merit basi, kutanthauza luso ndi kuyenera kwake pa ntchitoyo. Chinacho chimalamula bungweli kuti lizilimbikitsa anthu osiyanasiyana kuti azifunsira. Ndiye kuti lingathe kuitana aliyense kuti abwere pamzere, koma ikafika nthawi yoloza chala, saloledwa kuganizira kuti khoti lonse likuoneka bwanji.

Mu 2010 komiti yotsogoleredwa ndi Baroness Neuberger inapereka mfundo 53 zokonzera zinthu. Mu 2013 lamulo la Crime and Courts Act linawonjezera kuti anthu awiri akapezeka ofanana luso ndendende, angathe kusankha wochokera ku gulu limene lili ndi anthu ochepa pa ujaji. Linalolanso kuti ngakhale majaji akuluakulu azigwira ntchito masiku ochepa pa sabata ngati akufuna. Mfundo ya ofanana lusoyo imamveka bwino, koma taganizani: gulu la anthu limene lakhala masiku angapo kusanja mayina kuti uyu woyamba, uyu wachiwiri, si kawirikawiri kuvomera kuti awiriwa talephera kuwasiyanitsa. Pamipando yapamwamba, pamene ofunsira ndi ochepa ndipo aliyense amadziwika, mpata woti mfundoyi igwire ntchito umachepa kwambiri.

Kusintha kulipo ndithu, tisakane. M'mabwalo ang'onoang'ono otchedwa tribunal, oweruza nkhani za ntchito, za olowa m'dziko ndi za chithandizo cha boma, amayi apitirira theka la oweruza. Koma ukamakwera, chiwerengero chimatsika. Ku High Court, kumene kuli mipando 108, ndi ku khoti la apilo la mipando 39, amayi ali pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse kapena kucheperapo. Za anthu akuda ndiye zomvetsa chisoni. Ziwerengero za boma lomwe zimasonyeza kuti pa majaji 100 alionse wakuda ndi mmodzi, ndipo zakhala choncho kuyambira 2014 osasuntha.

Njira yake

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kubwerera zaka 25 kumbuyo kwa tsiku la mafunso. Ku England maloya ali m'magulu awiri, osati ngati kwathu kumene loya mmodzi amachita zonse. Alipo ma solicitor, amene amakumana ndi munthu, kumulangiza ndi kukonza mapepala a mlandu. Alipo ma barrister, amene ntchito yawo yaikulu ndi kuima m'khoti kutsutsana pamaso pa jaji. Ma solicitor ndi ochuluka kuwirikiza kangapo, ndipo m'gulu lawo ndi mmene muli amayi ambiri ndi ana a anthu obwera. Koma pafupifupi majaji onse akuluakulu amachokera kwa ma barrister. Lawrence Collins, amene anafika pamwamba mu 2009, anali woyamba wa mbali ya ma solicitor kufika pamenepo.

Ngakhale pakati pa ma barrister, si onse ali pa njira ya ku ujaji. Tiyerekeze achinyamata awiri amene amaliza maphunziro chaka chimodzi. Wina wapeza malo m'gulu la maloya a milandu ya mabanki, ya inshulansi ndi ya zombo ku London. Amagwira mlandu umodzi miyezi yambiri, amalemba mfundo zozama, amaonekera m'khoti la apilo pambali pa akuluakulu, ndipo majaji amayamba kumudziwa dzina. Mnzakeyo walowa milandu ya upandu ndi ya mabanja imene boma limalipirira anthu osauka. Amadzuka m'bandakucha kukwera sitima kupita ku khoti la tauni ina, fayilo ya mlandu anailandira usiku wathawu, amakumana ndi mwini mlandu m'kachipinda ka pansi pa khoti mphindi zochepa asanalowe. Malipiro ndi ochepa, ndipo amafika mochedwa. Zaka 20 zikatha, wachiwiriyu waona misozi ya anthu, mabodza a mboni ndi mantha a ana kuposa mnzake uja. Koma akafika pa fomu yofunsira ujaji wa High Court, woyambayo ndi amene ali ndi milandu ikuluikulu yotchula ndi majaji akuluakulu omuchitira umboni. Ndipo kafukufuku wa mabungwe a maloya omwe wasonyeza mobwerezabwereza kuti amayi ndi anthu akuda ndi amene amachuluka ku ntchito ya mtundu wachiwiriwu, komanso kuti amapeza ndalama zochepa kuposa abambo achizungu ngakhale pa ntchito yofanana.

Pakati pa njira pali zipata zina. Loya wokhwima amafunsira ulemu wa KC, kutanthauza loya wa mfumu, wofanana ndi SC wakwathu. Amayi ali pafupifupi 40 pa ma barrister 100 alionse, koma pa ma KC ali pafupifupi 20. Ambiri amasiya ntchito kapena kubwerera m'mbuyo pa zaka zimene akulera ana, chifukwa barrister ndi munthu wodzilemba yekha ntchito, ndipo akapita kukachira, milandu yake imapita kwa ena. Kenako wofuna ujaji amayenera kuyamba waweruzako mwa apo ndi apo, masabata angapo pachaka, kuti aoneke ngati angathe. Barrister amangotseka dayale yake n'kupita. Solicitor wa pakampani ayenera kupempha anzake a pakampanipo, amene sakondwa kuona munthu wobweretsa ndalama akusowa mwezi wathunthu. Akapambana zonsezi, jaji wa High Court amayenera kumayendera makhoti a kutali ndi London kwa masabata angapo, kugona m'nyumba za majaji. Dongosolo limeneli linapangidwa poganizira bambo amene kunyumba wasiya mkazi woyang'anira zonse.

Chipata choyambirira penipeni ndi sukulu. Lipoti la 2019 la bungwe la Sutton Trust pamodzi ndi Social Mobility Commission linapeza kuti majaji akuluakulu 65 pa 100 alionse anaphunzira m'sukulu zolipira, pamene m'dziko lonse amene amapita ku sukulu zotere ndi 7 okha pa 100. Majaji 71 pa 100 anadzera ku Oxford kapena Cambridge. Pa ntchito zonse zimene anafufuza, ujaji ndi umene unatsogola pa kuchuluka kwa ana a sukulu zolipira. Apa mpamene ndimaona kuti nkhaniyi si ya khungu ndi ya amuna ndi akazi yokha. Mwana wamwamuna wachizungu wa woyendetsa basi ku Sunderland nayenso mpandowu uli naye kutali.

Palinso zina zimene sizilembedwa pa fomu. Mu Seputembala 2020, barrister wachitsikana wakuda, Alexandra Wilson, anafotokoza poyera mmene tsiku limodzi, m'khoti limodzi, anthu atatu osiyana anamuyesa woimbidwa mlandu. Mlonda anafunafuna dzina lake pa mndandanda wa oimbidwa milandu, ndipo m'kati mwa khoti anauzidwa kuti atuluke akadikire mlandu wake panja. Akuluakulu oyendetsa makhoti anapepesa. Munthu amene amayamba tsiku la ntchito motero, chaka ndi chaka, kuti adzadzione ngati woyenera kukhala pampando wapamwamba uja pamafunika mtima wolimba kuposa wa anzake.

Ndipo kunong'onezana kwakale kuja sikunatheretu. Lamulo limafuna kuti bungwe losankha lisanapereke dzina la jaji wamkulu, lifunse maganizo a akuluakulu a majaji. Oikira kumbuyo mwambowu amati ndi nzeru kufunsa amene anamuona munthuyo akugwira ntchito. Otsutsa amati kumeneko n'kulowetsa dongosolo lakale kudzera pakhomo lakumbuyo, chifukwa wodziwika amapindula, wosadziwika alibe womunenera, ndipo wonenedwa zoipa sapatsidwa mpata woyankha.

Kodi zili ndi ntchito?

Wina anganene kuti lamulo ndi lamulo, jaji akhale mwamuna kapena mkazi, wakuda kapena mzungu, chigamulo chikhala chomwecho. Pa milandu yambiri zimenezi n'zoona. Koma milandu imene imafika pamwamba ndi ija imene lamulo silinanene momveka, pamene majaji anzeru amasiyana maganizo. Pamenepo zimene munthu anaona m'moyo zimalowerera, afune asafune.

Mu Okutobala 2010 khoti la Supreme linagamula mlandu wa Radmacher ndi Granatino. Funso linali lakuti pangano limene anthu amasainirana asanakwatirane, lonena kuti banja likadzatha wina asadzafune chuma cha mnzake, liyenera kulemekezedwa motani. Majaji anakhala 9. Asanu ndi atatu, onse abambo, anati panganolo lizitsatidwa ngati onse analowamo mwaufulu, pokhapokha ngati kutero kungakhale kupanda chilungamo. Lady Hale yekha anakana. Iye anati mapangano otere cholinga chake chimakhala kumana wochepa mphamvu pa chuma zimene akanayenera kulandira, ndipo wochepa mphamvuyo kawirikawiri, ngakhale si nthawi zonse, amakhala mkazi. Analemba poyera kuti nkhaniyi ili ndi mbali yokhudza amuna ndi akazi imene ena angaone kuti siyoyenera kugamulidwa ndi khoti la abambo asanu ndi atatu ndi mayi mmodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti pa mlandu umenewu wachuma anali mkaziyo, ndipo kukana kwa Lady Hale kukanathandiza mwamuna. Sankaikira kumbuyo mkazi mnzake. Ankaona chinthu chimene anzakewo sanachipatse kulemera.

Ife izi sitifunika kuchita kuphunzitsidwa. Banja likagwedezeka kumudzi, nkhani sikambidwa ndi ankhoswe a mbali imodzi. Pamakhala wakuchimuna ndi wakuchikazi, osati chifukwa chakuti mmodzi yekha ndi wabodza, koma chifukwa aliyense amadziwa zimene mnzake sangazione, ndiponso kuti amene waluza achoke akudziwa kuti mawu ake anamveka.

Mu 2011, pa mlandu wa Yemshaw, Lady Hale yemweyo analemba chigamulo chotsogolera chonena kuti nkhanza za m'banja, pa lamulo lopezera anthu nyumba, si kumenya kokha. Kuopseza ndi kuzunza m'maganizo nazonso ndi nkhanza. Abambo amene anakhala naye anavomereza. Sindikunena kuti abambo paokha sangaone chilungamo. Majaji a House of Lords amene anagamula mu 1991 kuti mwamuna angathe kuimbidwa mlandu wogwirira mkazi wake anali abambo okhaokha. Koma dziwani kuti ganizo lakale limene anagwetsalo linakhala zaka zoposa 250 lisanagwe.

Mbali ina ndi chikhulupiriro cha anthu. Mu 2017 phungu David Lammy anatulutsa lipoti la mmene makhoti ndi ndende zimachitira ndi anthu akuda ndi a mitundu ina. Anapeza kuti ambiri mwa iwo amakana mlandu kuposa azungu, chifukwa sakhulupirira ngakhale malangizo a maloya awo. Ku England munthu akavomera mlandu msanga, chilango chingathe kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho kusakhulupirira kuja kumasanduka zaka zenizeni za m'ndende. Lammy anapempha boma kuti lidziikire chandamale choti pofika 2025 oweruza azifanana ndi anthu a m'dzikolo. Boma linalandira mfundo zake zambiri, koma imeneyi linaikana.

Amene amati tidekhe

Mawu otsutsa amene anamveka kwambiri anachokera kwa Lord Sumption, amene panthawiyo anali jaji wa khoti la Supreme. Mu 2015 anauza nyuzipepala ya Evening Standard kuti pangatenge zaka 50 kuti amayi afanane chiwerengero ndi abambo pamipando yapamwamba, ndipo anachenjeza kuti kuthamangitsa zinthu kungawononge ujaji, chifukwa abambo aluso angaleke kufunsira poona ngati masewerawo akonzedwa kale. Mantha amenewa si opanda pake. Jaji wosankhidwa chifukwa cha khungu kapena chifukwa ndi mayi, luso lili lochepa, amavulaza anthu a milandu, ndipo amanyozetsa onse ofanana naye amene anafika ndi thukuta lawo. Ngakhale amayi ambiri a m'ntchitoyi safuna kuti wina adzawaloze kuti uyu anangomuikapo.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha pokhapokha ngati nkhonoyo ikutulukadi. Amayi akhala theka kapena kuposa la olowa kumene ntchito ya uloya kwa zaka zoposa 20. Akanakhala kuti amangokwera okha ndi nthawi, bwenzi pano atafika. Chiwerengero cha akuda chaima malo amodzi zaka khumi. Ndipo mu 2022 zaka zopumira ntchito za majaji zinakwezedwa kuchoka pa 70 kufika pa 75, zimene zikutanthauza kuti mipando izichedwa kupezeka.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Lamulo lomwe lija la 2005 limati majaji a khoti la Supreme, onse pamodzi, ayenera kukhala odziwa malamulo a mbali iliyonse ya dzikolo. Mwa mwambo, mipando iwiri imapita kwa majaji a ku Scotland, umodzi kwa wa ku Northern Ireland. Palibe amene amadandaula kuti zimenezi zatsitsa luso. Aliyense amamvetsa kuti khoti ndi gulu, ndipo gulu limafunika anthu odziwa zinthu zosiyana. Ngati mfundoyi ili yoona pa malamulo a ku Scotland, n'chifukwa chiyani isanduka yoopsa tikanena za jaji amene anakhala zaka 20 akuimira anthu othamangitsidwa m'nyumba za lendi?

Lady Hale mwiniwake sanadzere njira yozolowereka ija. Anaphunzitsa malamulo pa yunivesite ya Manchester zaka 18, n'kupita ku Law Commission, bungwe lokonzanso malamulo, mu 1984. Anakhala jaji wa High Court mu 1994 asanakhalepo barrister wotchuka wa milandu ya mabanki. Pa muyeso wakale, ameneyu sakanawerengedwa. Koma ndi yemweyu amene pa 24 Seputembala 2019, ali mtsogoleri wa khoti la Supreme, anawerenga chigamulo cha majaji 11 ogwirizana onse, chonena kuti nduna yaikulu Boris Johnson inaphwanya lamulo potseka nyumba ya malamulo. Lord Sumption nayenso analowa m'khotili mu 2012 kuchokera pa ubarrister, osakhalapo jaji wokhazikika wa High Court kapena wa apilo. Ndiye kuti njirayo imatha kupindidwa akuluakulu akafuna.

Kumene anasankha kunena poyera

South Africa inatenga njira ina. Mu 1994, pa majaji oposa 160, akuda anali atatu ndipo amayi anali awiri. Malamulo oyendetsera dziko a 1996, pa gawo 174, ananena mosabisa kuti posankha majaji aziganizira zoti makhoti afanane ndi mtundu wa anthu a m'dzikolo, pa khungu komanso pa amuna ndi akazi. Ofuna ujaji amafunsidwa mafunso poyera, pa wailesi yakanema, aliyense akuona. Lero majaji ambiri kumeneko ndi akuda, ndipo mu Seputembala 2024 Mandisa Maya anakhala mayi woyamba kutsogolera majaji onse. Njirayi ili ndi zilonda zake. M'bungwe lofunsa mafunso muli andale ambiri, ndipo nthawi zina, monga pa mafunso a mkulu wa majaji mu 2022, zokambirana zimasanduka bwalo lonyozerana. Amayi nawonso anachedwa kufika poyerekeza ndi abambo akuda. Komabe dziko limene linayambira kutali kuposa Britain linasintha nkhope ya makhoti ake m'badwo umodzi, ndipo khoti lake la malamulo oyendetsera dziko limalemekezedwa kunja konse.

Ife a ku Malawi tinatengera kwa Angerezi mawigi, mikanjo ndi mabuku a milandu, koma pa nkhani iyi tinawapitirira pena. Anastasia Msosa anakhala mayi woyamba pa mpando wa High Court mu 1992, n'kukhala mkulu wa majaji mu 2013. Zambia inasankha Irene Mambilima mu 2015, Kenya inasankha Martha Koome mu 2021. Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 alionse, chiwerengero chimene a ku Britain amachiopa kuchilemba. Izi sizikutanthauza kuti tafika. Pa majaji asanu amene anafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020, mayi anali mmodzi, Ivy Kamanga. Ndipo kwathu funsoli limabweranso ndi nkhope zina: munthu akuchokera chigawo chiti, anakulira m'tauni kapena kumudzi, ndani anamulipirira sukulu mpaka kukafika ku Zomba, kumene kwa zaka zambiri kunali sukulu yokhayo ya malamulo m'dziko muno.

Ku England ndi Wales, mayi woyamba kukhala mkulu wa majaji analumbira mu Okutobala 2023, patatha zaka khumi chikhalireni Msosa pampando wofanana nawo. Dzina lake ndi Sue Carr, ndipo udindo umene anatengawo mizu yake ili m'zaka za m'ma 1200. Malamulo ankangodziwa dzina lakuti Lord Chief Justice, choncho panafunika kugwirizana kuti iye azitchedwa Lady Chief Justice. Ndi jaji waluso, ndipo palibe amene anakayikira zimenezo. Anaphunzira pa Wycombe Abbey, sukulu yolipira ya atsikana, n'kupita ku Trinity College ku Cambridge. Anakhala barrister wa milandu ya zamalonda ku London, analandira ulemu wa loya wa mfumukazi mu 2003, anaweruzako mwa apo ndi apo, analowa High Court mu 2013 ndi khoti la apilo mu 2020. Chipata chilichonse cha njira yakale ija anachidutsa, chimodzichimodzi, monga anachitira abambo amene anakhalapo iye asanabwere.